Manambala awiri a BP anachokera kuti?

Mayi a ku Chipoka, mwafunsa chifukwa chake namwino amamvetsera pamkono kenako n'kulemba manambala awiri. Lamba wopopa uja anamuyambitsa Riva-Rocci ku Italy mu 1896, koma ankapeza nambala yapamwamba yokha. Mu 1905 Nikolai Korotkoff wa ku Russia anazindikira kuti lamba akamaphwa, mtsempha wa popindira mkono umamveka kugunda. Pamene kugundako kwayamba ndiye nambala yapamwamba, pamene kwasiya ndiye yapansi, monga 120/80.

Chimene chimasokoneza kuno n'kuyezetsa mutangofika, thukuta lili kamukamu ndi dzuwa la Salima. Yambani mwakhala pansi mphindi 5, osalankhula, mkono uli patebulo molingana ndi mtima. Lamba akachepa pamkono waukulu nambala imakwera mwabodza, choncho pemphani wamkulu.