Kusambira ku Durban mvula ikangokata

Achemwali, mwafunsa ngati ana angalowe m'nyanja ku Durban Loweruka lino, chikhalirecho mvula yamphamvu yagwa usiku wa Lachinayi. Kunena mosabisa, ine sindingawalowetse. Dikirani masiku atatu chikatireni mvula, ndiye kuti Lolemba.

Vuto si mvulayo ayi, koma zimene imakokolola. Madzi a m'ngalande za m'tauni, zinyalala, ndowe za agalu, mafuta a m'misewu, zonse zimathera m'nyanja. Choopsa kwambiri ndi suweji. Madzi osefukira a mu Epulo 2022, aja anapha anthu oposa 400 ku KwaZulu-Natal, anaononga mapaipi ndi malo oyeretsera madzi a m'zimbudzi, ndipo chichokereni nthawi imeneyo khonsolo ya eThekwini, yoyang'anira mzinda wa Durban, yakhala ikutseka magombe pafupipafupi chifukwa cha tizilombo ta E. coli. Tizilomboti tikapitirira 500 pa mamililita 100 a madzi, madziwo si osambamo. Mtsinje wa Umgeni ndiwo umalavula zambiri, pa Blue Lagoon pomwe umathira m'nyanja, choncho magombe oyandikira pamenepo ngati Country Club ndi Battery ndiwo amayamba kuipa.

Ena akuuzani kuti mchere umapha majeremusi. Bodza limenelo, mchere si mankhwala. Mwana akamasewera m'mafunde amameza madzi, palibe amene amatseka pakamwa, mawa lake muona kusanza, kutsegula m'mimba, khutu kuwawa, maso kufiira. Wokhala ndi bala ndiye asayandikire n'komwe. Anyamata osewera pamafunde ku North Beach mudzawaonadi ali m'madzi mvula ikugwa, koma amenewo musatengere, mafunde anawalowa m'magazi.

Musanapite onani patsamba la Facebook la khonsolo, amalengeza magombe otseguka ndi otsekedwa. Kungoti kuyeza ku labu kumatenga pafupifupi tsiku, ndiye zimene mukuwerengazo ndi za madzi a dzulo kapena dzana. Maso ndi mphuno zanunso zigwire ntchito: madzi akakhala akatondo, akununkha, kapena mitengo ndi mapulasitiki zikuyandama, bwererani. M'madzi amatope a pamathiriro a mtsinje ndi momwenso shaki ya mtundu wa Zambezi imakonda.

Lolembalo mukapita, sambirani pakati pa mbendera zofiira ndi zachikasu, pomwe pali opulumutsa anthu. Nyanja iyi si ya ku Salima, ili ndi mkokomo wokokera kuya. Mukatuluka asambitseni ana pa shawa za pagombe asanagwire chakudya. Lowerukalo angopalasa njinga pa promenade, njira ya oyenda pansi ndi njinga ya m'mbali mwa gombe, ayisikilimu ali pomwepo.