Kalipentala wa ku England amene anafika ku Algoa Bay mu 1820: kufufuza kuyambire pati?

Mayi wina wa kwathu amene anakwatiwa ku Gqeberha, mzinda wa ku South Africa umene uli pa gombe la Algoa Bay, watilembera pa imelo. Apongozi ake amati kholo la banjalo linali kalipentala wa ku England amene anabwera ndi anthu a ku Britain amene anasamukira kumeneko mu 1820, ndipo anamwalirira cha ku Grahamstown. Dzina lake akulidziwa, koma mudzi umene anachokera sakuudziwa. Akufuna kulembera ana awo mbiri ya mbali ya bambo awo, ndiye akufunsa ngati ayambe ndi kulembera maofesi a ku England.

Mayi, ku England musafulumireko. Yambani kumene munthuyu anafera, muzibwerera m'mbuyo. Mayina a Angelezi amafanana kwambiri, ndipo mukangolemba dzina pa intaneti mupeza anthu khumi obadwa zaka zofanana. Chimene chidzakusiyanitsireni wanu ndi enawo ndi ntchito yake ya ukalipentala, dzina la mkazi wake ndi mayina a ana ake. Zonsezi zili ku South Africa konko.

Pepala loyamba kulisaka ndi limene amalitcha death notice, chidziwitso cha imfa ya munthu. Ku Cape, dera la South Africa limene linkalamulidwa ndi Britain nthawi imeneyo, anayamba kulemba mapepalawa mu 1834, ndipo amakhala m'failo ya chuma cha masiye. Pamalembedwa kumene womwalira anabadwira, mayina a makolo ake, zaka zake, ntchito yake, mkazi wake ndi ana onse. Mafailo a nthawi imeneyo, ngakhale a anthu a ku Grahamstown, amasungidwa ku Western Cape Archives mu msewu wa Roeland ku Cape Town. Nambala ya failo muipeza polemba dzina mu NAAIRS, mndandanda wa pa intaneti wa mapepala akale a boma la South Africa, ndipo zithunzi za mapepala ambiri zili mwaulere pa FamilySearch, tsamba la pa intaneti lofufuzira mbiri ya mabanja. Musangoima pa tsamba loyamba. Ngati m'failomo muli mndandanda wa katundu, muuwerenge wonse, chifukwa sowo, tchizulo ndi benchi yogwirira ntchito zikatchulidwa ndiye umboni woti ndi kalipentala wanu uja. Koma kumbukirani kuti amene ankadzaza pepalali ndi mwana kapena mkamwini ali pachisoni. Ambiri pa malo obadwira anangolemba kuti England basi, ndipo mayina a makolo ena anawasiya osalemba.

Zikatero pitani ku mapepala a ulendo, ndipo apa ndiye pali chuma. Mu July 1819 nyumba ya malamulo ya ku Britain inavomereza mapaundi 50,000 otumizira anthu ku Cape, ndipo anthu pafupifupi 4,000 anatsikira ku Algoa Bay kuyambira mu April 1820. Sankapita aliyense payekha, ankapita m'magulu okhala ndi mtsogoleri. Makalata opempha malo ndi mindandanda ya magulu zili ku The National Archives, nyumba yosunga mapepala akale a boma ku Kew mu London, mu gawo la CO 48, ndipo eGGSA, bungwe la ofufuza mbiri ya mabanja ku South Africa, linawakopera n'kuwaika pa intaneti. Mukadziwa gulu, mwadziwa dera loyambira kusaka. Gulu la Calton, mwachitsanzo, linachokera ku Nottinghamshire n'kukakhala ku Clumber. Gulu la Sephton linali la a Methodist ambiri a ku London, ndipo linakamanga Salem pamodzi ndi m'busa William Shaw.

Mindandandayi musaikhulupirire ndi mtima wonse. Mwamuna aliyense ankapereka chikole cha mapaundi 10, chimene chinkakwanira iye, mkazi ndi ana awiri osafika zaka 14. Mwana wa zaka 14 mpaka 18 ankalipiridwa mapaundi 5 payekha. Motero makolo ena ankachepetsa zaka za ana awo. Ena anakwera sitima pa dzina la munthu amene anasintha maganizo ulendo utayandikira. Ndipo popeza boma linkafuna alimi, amisiri ena analembetsa ngati alimi. Mukapeza kuti wanu walembedwa mlimi mu 1819 koma kalipentala mu 1830, si anthu awiri ayi.

Chifukwa chake n'chodziwika. Mwamuna aliyense anapatsidwa maekala 100 m'dera la Albany, kumene kuli Grahamstown, malo amene Axhosa anathamangitsidwamo pa nkhondo ya 1811 ndi 1812, ndipo alendowa anaikidwa pamenepo kuti akhale ngati mpanda wa malire. Izi muziike m'mbiri imene mukulembera ana, chifukwa ndi mbali ya nkhani ya kholo lawo. Tirigu anagwidwa chiwawu zaka zitatu zotsatizana, kenako madzi osefukira a mu October 1823 anakokolola minda ndi nyumba. Amene anali ndi luso la manja anasiya munda n'kupita m'tauni kumene nyumba zinkamangidwa. Ndiye mumusake m'makaundula a matchalitchi a ku Grahamstown, imene tsopano ndi Makhanda. Ambiri ali ku Cory Library pa Rhodes University. Nyuzipepala ya Graham's Town Journal, imene inayamba mu 1831, inkasindikiza zamaliro ndi malonda a amisiri. Kalembera wa boma musatayirepo nthawi, chifukwa mapepala a nyumba ndi nyumba a ku South Africa sanasungidwe.

Mukapeza dera ndi pamene muwolokere ku England. Ziphaso za boma za kubadwa ndi ukwati zinayamba pa 1 July 1837, ndipo kalembera wothandiza kwenikweni ndi wa 1841. Wanu anali atachoka kale, choncho mudalira makaundula a tchalitchi, amene amasungidwa ku ofesi ya zakale ya dera lililonse, ndipo ambiri ali pa intaneti, pa FreeREG ndi FamilySearch. Yambani ndi ubatizo wa ana ake obadwira ku England, osati wake. Kuyambira 1813 kaundula wa ubatizo wa tchalitchi cha Anglican anali ndi danga lolembamo ntchito ya bambo ndi kumene akukhala. Mukaona dzina lake, la mkazi wake, la mwana amene ali pa mndandanda wa sitima ndi mawu oti carpenter kapena joiner pa mzere umodzi, mwamupeza. Kaundula wa ukwati wa zaka za 1754 mpaka 1837 nthawi zambiri satchula makolo, koma lembani mayina a mboni, chifukwa kawirikawiri ndi abale. Ngati banjalo silinali la Anglican, onani gawo la RG 4 ku Kew, limene lili ndi makaundula a mipingo ina.

Za kumene anaphunzira ntchito, mnyamata ankakhala kwa mmisiri zaka pafupifupi 7, kuyambira ali ndi zaka 14. Kuchokera 1710 mpaka 1811 mmisiri ankakhoma msonkho pa ndalama zimene analandira pophunzitsa mwana, ndipo mabuku a msonkhowo ali ku Kew mu gawo la IR 1. Amatchula mmisiri, ntchito yake, tauni yake ndi dzina la wophunzira. Wobadwa cha mu 1790 akhoza kupezekamo cha mu 1804. Akasowa musadandaule: wophunzitsidwa ndi bambo ake, kapena mwana wosauka amene anaperekedwa ndi parishi, sankalipiridwa msonkho. Wa parishiyo mumufufuze m'mapepala a oyang'anira osauka, ku ofesi yomwe ija yosunga makaundula a tchalitchi cha kwawo.