Za phokoso la m'khutu mwa azakhali

Eee, msuweni, uthenga wako ndaumva. Wafunsa kuti kodi n'zoona mitsempha yochititsa phokoso m'khutu ija imatha kutsekeka yokha, poti azakhali akuti "fuu, fuu" wa m'khutu uja wasiya chiyambire sabata yatha. Funsolo ndi labwino, koma iwe ndimakudziwa. Wawerengetsera kale kuti ndalama ya thiransipoti yopita nawo kuchipatala ku Blantyre ija ingagule malata angati. Usakane!

Inde, imatsekeka yokha. Chimene anawapeza nacho madokotala amati dural fistula. Ubongo uli ndi chikuto cholimba, ndiye m'chikutomo mtsempha wobweretsa magazi walumikizana mwachindunji ndi wobweza, osadutsa mu timitsempha ting'onoting'ono tija timachepetsa mphamvu ya magazi. Magazi akuthamanga pamenepo ndi amene azakhali amawamva, n'chifukwa chake phokosolo limayendera limodzi ndi kugunda kwa mtima. Magazi akaundana polumikizanapo, basi patsekeka. Zimachitika kwambiri ku zing'onozing'ono, makamaka za kuseri kwa diso.

Ndipo ndikudziwa amene akukulimbitsa mtima. Amalume ako, abambo aang'ono a ku Ngabu. Hehe! Paja diso lawo lija linafiira psuu, n'kutong'oka, timitsempha take topotana ngati zolembedwa. Anthu n'kumati ndi kachasu, munthu wosalawa n'komwe. Iwo ankalimbana ndi mwini chigayo kuti akugayitsa usiku, pamene chigayocho chinali m'mutu mwawo. Ndiye tsiku la ku msika wa ng'ombe lija, ukulikumbuka? Ayi, iwe unali ku Bangula nthawi imeneyo. Ankaona ziwiriziwiri, n'kumanenerera mtengo wa ng'ombe ziwiri pamene yaima imodzi, mwiniwake n'kungoti kukamwa yasa. Kuona ziwiriko n'chifukwa choti timinyewa toyendetsa diso timadutsa pomwe pamadzaza magazipo. Kenako diso linanyanya, kutupa kuposa kale, agogo mpaka anatumiza mwana panjinga kukaitana anthu a ku Tengani. Patapita masabata linaphwa, n'kuyera. Mpaka lero amati anawachiza ndi masamba a nimu amene ankaphitsa aja. Si nimu ayi. Zooneka zonse zija n'za fistula ya kuseri kwa diso, ndipo imeneyo ikamatsekeka nthawi zina imayamba yanyanya, poti mtsempha wotulutsa magazi m'disomo nawo umayamba watsekeka. Anachita mwayi, koma osati wonse. Diso limenelo amaona nalo mwachimbuuzi, iwo safuna kuvomera. Puresha ya m'diso siyenera kupitirira 21, yawo palibe anaiyeza. Komanso zimenezi si zakumtundu, usayambe kugwiragwira ana m'makutu.

Tsono... ndimanena chiyani? Eya. Ya azakhali ili kuseri kwa khutu, si ya diso. Phokoso likasiya, pali zinthu ziwiri. Mwina patsekeka polumikizana penipeni, ndiye chabwino. Kapena chatsekeka ndi kotulukira kokha, magazi akubwerabe. Uli ngati watseka ngalande ya kudimba kumunsi, pampu ikupopabe: madzi amasefukira m'mabedi. Magaziwo amabwerera m'mitsempha ya pamwamba pa ubongo, yopyapyala, yosazolowera mphamvu yotero. Kukhutu kuli zii, koma ngozi yakula. Zikafika pamenepo, mwa anthu 100, pafupifupi 8 mtsempha umaphulika chaka chilichonse. Sizichitika kawirikawiri kuti isinthe choncho, koma khutu silingasiyanitse ziwirizi. Ngakhale dokotala ataika chomvetsera chake kuseri kwa khutuko, sangalumbire. Chimasiyanitsa ndi chithunzi. Ndiye ulendo uja ulipo.

Akafika akanene okha kuti phokoso lasiya, ndi tsiku lomwe linasiya. Atenge buku lawo la kuchipatala, kalata yowatumiza ku Blantyre ija, ndi zithunzi zoyamba kuti akafanizire. Akhoza kujambulidwa CT kapena MRI yoonetsa mitsempha. Yotsimikiza kwambiri ndi angiogram, ija amalowetsa kachubu pamphechepeche n'kuthira mankhwala oonetsa njira ya magazi, adokotala ndi amene angaone ngati ikufunika. Asanathire mankhwalawo nthawi zambiri amayeza impso, ndiye akatchule mapilitsi onse amene akumwa. A BP asasiye. Ndipo zija wina analemba m'gulu muno zofinya mtsempha wa pakhosi, iyayi. Njirayo ilipodi, koma ndi ya odwala osankhidwa, atayamba awaunika khosilo. Munthu wamkulu ngati azakhali angakomoke, kapena kuchita sitiroko.

Zina sizidikira tsiku la kalata. Mutu ukawawa mwadzidzidzi kuposa kale lonse, akamasanza, akagwa ngati wakhunyu, mkono kapena mwendo ukalemera, lilime likamangika, maso akachita mdima, kapena akayamba kusokonezeka zolankhula, pezani galimoto nthawi yomweyo, ngakhale usiku, mupite kuchipatala cha boma ku Chikwawa akakutumizeni kumtunda.

Ndiye usawauze kuti achira. Uwauze kuti mwina achira, akajambulitse tidziwe. Amalume akowo akabwera ndi nimu wawo, uwalandire bwino, uwaphikire tiyi. Koma tsiku lija lisasinthe, azakhali akwere minibasi ya m'mamawa, ndipo uwaperekeze ndiwe.