Makatuni aja anali abwinodi, kapena ndi mtima chabe?

Achemwali ena anditumizira imelo sabata yatha ndipo funso lawo likundizungulirabe m'mutu. Akuti ali ndi zaka 34, tsiku lina anapeza pa YouTube katuni yomwe ankaifera ali mwana, kanyimbo koyambira katangolira misozi inalengeza m'maso, koma pasanathe mphindi khumi anali atatopa nayo, nkhani yopanda mutu, zojambula zosalongosoka. Nde akufunsa kuti chomwe akusowa kwenikweni ndi chani, komanso bwanji nyimbo za masiku ano sizikuwalowa, kapena ndi ukalamba wayambapo?

Achemwali, mtima m'malo, simukudwala. Ngakhale kuti mukanabadwa kale madokotala akanakulemberani mankhwala ndithu. Zomwe mukumvazo, kupukwa zakale, pa Chingerezi amati nostalgia. Mawu amenewa anawapeka ndi Johannes Hofer mu 1688 akuphunzira zaudokotala ku Basel m'dziko la Switzerland, analumikiza mawu awiri a Chigiriki, nostos kubwerera kwanu ndi algos ululu. Ankanena za anthu a ku Switzerland omwe akakhala kutali ndi kwawo, makamaka asilikali okamenya nkhondo za eni, ankapukwa mpaka kuwonda, tulo osabwera, chakudya osalowa, ndipo kwa zaka zambirimbiri zinkatengedwa ngati nthenda yeniyeni. Koma msilikali uja anali ndi mwayi, akamubweza kwawo ankapeza bwino. Ife chomwe tikupukwa ndi nthawi, ndipo basi yopita ku 1999 kulibe.

Za nyimbozo zili ndi chifukwa chake. Akatswiri a zamaganizo anaona kalekale kuti mukafunsa munthu wamkulu kuti akumbukire moyo wake, zambiri zomwe zimatuluka ndi zapakati pa zaka 10 ndi 30, amazitcha reminiscence bump. Nthawi imeneyo chilichonse chimakhala choyamba, chibwenzi choyamba, kusweka mtima koyamba, kuyamba kudzifunsa kuti ine ndine ndani, ndiye nyimbo yomwe inkalira pamenepo imamatirira pa zonsezo osachokanso. Onjezani kubwereza. Ine ndinali ndi kaseti imodzi yomwe ndinaimvera mpaka inayamba kukoka mawu, wailesi ikaitafuna ndinkatulutsa riboni ija pang'onopang'ono mtima uli m'mwamba, nkuikulunganso ndi bolopeni, ndipo panali malo amodzi popindika pomwe woimba ankamveka ngati wamira m'madzi. Mpaka lero ndikamva nyimbo imeneyo ili bwinobwino pa foni khutu langa limadikirabe pomira paja. Pano nyimbo yatsopano mumaimva kamodzi, uku mukuyankha mameseji, isanafike pakati mwadumpha kale. Ilowa bwanji?

Chinanso ubongo umapeta. Kuwawa kwa zinthu zoipa kumazilala msanga kusiyana ndi kukoma kwa zabwino, nde nyimbo zonse zachabechabe za nthawi ija munaziiwala, zatsala ndi zosankhika zokhazokha, kenako mukuzifanizira ndi chilichonse chomwe chatuluka mwezi uno. Mpikisano wake ndi wokondera kale.

Koma pa funso lanu lenileni lija, ine ndikuganiza kuti katuniyo simukuisowa ayi. Zinandichitikirapo zomwezo. Ndinatsegula yanga usiku ndili ndekha, ndinaseka kamodzi, basi. Ndipamene ndinazindikira kuti sindinaioneko ndekha ndi kale lonse, nthawi zonse tinkakhala pansi ine ndi achimwene anga pafupi kwambiri ndi TV mpaka kukalipiridwa kuti tiononga maso, iwo nkumaimba kanyimbo koyambira kaja ndi mawu olakwika, olakwika mofanana tsiku lililonse, ine nkumakwiya. Ikatha tinkakangana kuti ndani akhale ngwazi ija posewera ndipo ine ndinkaluza chifukwa ndinali wamng'ono. Zimenezo pa YouTube palibe. Kanyimbo kanakulizani chifukwa kanatsegula chitseko cha chipinda chija, katuni inakutopetsani chifukwa mutalowa munapeza mulibe anthu.

Ndipo musaganize kuti makampani sakudziwa. Disney inatulutsa katuni ya The Lion King mu 1994, nkudzaipanganso mu 2019, ndipo yachiwiriyo inapanga ndalama zoposa madola 1.6 biliyoni. Werengani zaka zake, 25. Mwana yemwe analira muholo ali ndi zaka 8 pofika 2019 ali ndi 33, ali pantchito, ali ndi ana ake oti awatenge, tikiti imodzi yasanduka zinayi. Gemu ya Pokémon inayamba ku Japan mu 1996, ya pa foni yotchedwa Pokémon Go inabwera mu 2016 ndipo ambiri omwe ankayendayenda m'misewu maso ali pa foni anali akuluakulu andevu zawo. Nokia 3310 ya mu 2000 anaiukitsa mu 2017, ndi kagemu ka njoka kaja komwe. Sindikuti nzolakwa, inenso zina ndimagula, koma zimandinyansa akangotenga chakale nkuchipaka utoto osawonjezapo nzeru iliyonse, podziwa kuti tibwera basi ngati nkhuku zomva chimanga.

Chomwe chimandidabwitsa kwambiri ndi ana omwe akupukwa nthawi yoti sanaione nkomwe. Nyimbo ya Kate Bush ya mu 1985 inafika pa nambala wani ku UK mu 2022 itamveka mu sewero la pa Netflix lotchedwa Stranger Things, ndipo ambiri omwe anaikweza anali oti mu 1985 ngakhale makolo awo anali asanadziwane. Eti mpaka kupukwa kobwereka.

Ndiye kodi muzidandaula? Ayi. Ku University of Southampton kuli akatswiri, Constantine Sedikides ndi Tim Wildschut, omwe akhala akufufuza zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo anapeza kuti maganizo amenewa amakonda kubwera munthu akasungulumwa kapena akakhumudwa, ndipo nthawi zambiri amamusiya akumva kuti ali ndi anthu ake, kuti moyo wake uli ndi tanthauzo. Choncho m'malo modzifunsa ngati mwakalamba, dzifunseni kuti sabata imeneyo zinkakuyenderani bwanji, chinakupititsani kukasaka katuni ija usiku ndi chani. Pomwe ndingakuchenjezeni ndi pamene mwayamba kunyoza chilichonse chomwe ana akukonda lero, kumati zathu zija ndiye zinali nyimbo. Mawu amenewo achikulire ankatinena nawo ifenso, ndipo tinkawaona ngati otopetsa.

Mu imelo yanu simunanene kuti munkaonera ndi ndani. Ngati alipo, atumizireni kalinki kaja osalembapo chilichonse. Ine ndinatero kwa achimwene, ndipo munthu woti amatha masiku atatu osayankha meseji anabweza pasanathe mphindi zisanu, voice note, bambo wa ana atatu akuimba ali mu ofesi monong'ona, mawu ake olakwika omwe aja.