Digiri ya Political Science: yankho kwa achemwali a ku Chamama

Mwandilembera kuti munamaliza Political Science ku Zomba, mwakhala pakhomo chaka chathunthu, ndipo amalume anu akuti mukanangophunzira unamwino. Mukufunsa kuti digiri imeneyi ingakulowetseni ntchito yanji.

Achemwali, kalata yanu yandikhudza chifukwa nanenso ndinadutsa momwemo. Nditawauza bambo anga zomwe ndikaphunzire ku Chanco, anangoti kukamwa yasa. Iwo anali mlimi wa fodya, anakulira mu ulamuliro wa chipani chimodzi, nthawi imene munthu sunkalowa mumsika wopanda khadi la chipani, ndipo mawu amodzi olankhulidwa pamowa ankatha kukugonetsa kundende. Kuno ku Kasungu, kwawo kwa Kamuzu, mantha amenewo sanathe ndi referendamu ya pa 14 June 1993 ayi. Kwa bambo, ndale zinali chinthu chothawa, osati chokalipirira fizi. Sindinawade nazo. Amalume anunso musawade.

Amene amandikwiyitsa ndi ena: aja amaganiza kuti wophunzira ndale ntchito yake ndi kunyamula chikwama cha phungu. Nditangomaliza sukulu, bambo wina amene ankafuna mpando wa kunyumba ya malamulo anandiitana kuti ndimulembere mfundo zachitukuko ndi zoyankhula pamisonkhano. Ndinalemba usiku ndi usana, ndinayenda naye m'midzi fumbi lili kobo. Malipiro anali nsalu ya chipani ndi ndalama ya minibasi. Atapambana foni yake inasiya kupezeka. Anzanga ambiri anathera njira imeneyi, ena mpaka lero akungodikira lonjezo la ntchito ku kazembe. Ndikunena mosapsatira: musapite kumeneko. Chipani chikagwa mumagwa nacho, ndipo dzina lanu limakhala lapakidwa kale utoto.

Chonsecho ndale zenizeni zili pakhomo pathu pomwe. Mu 2022 njovu 263 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde kubwera ku Kasungu National Park. Zatuluka kangapo, zaononga minda ya anthu oyandikana ndi nkhalango, anthu ena anataya miyoyo. Ndani amawerengera anthuwo zomwe lamulo likunena? Ndani amalemba dandaulo lawo m'njira yoti khonsolo ndi boma zisalinyalanyaze? Mlimi akabwera kuchokera kumsika wa fodya wa ku Chinkhoma ali wolira chifukwa ngongole ya zipangizo yadya ndalama zonse za mabelo ake, ndani anamuwerengera mgwirizano uja asanasaine? Lamulo la maboma ang'ono la 1998 linati mphamvu zipite ku anthu, n'chifukwa chake tili ndi makomiti a chitukuko a m'midzi (ma VDC) ndi a m'madera (ma ADC), koma ndakhalapo pamisonkhano imene palibe ndi mmodzi yemwe wofunsa kuti ndalama za thumba la chitukuko cha m'dera la phungu (CDF) zagwira ntchito yanji. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Ndi angati a ife ophunzira talemba kalata yofunsa pogwiritsa ntchito lamulo limeneli? Tonse maso ali ku Capital Hill, pomwe kuno kukusowa anthu odziwa kuwerenga bajeti.

Nanga ntchito zili kuti?

Zilipo, ngakhale n'zolimbirana. M'makhonsolo ndi m'maunduna amalemba oyendetsa ntchito za muofesi, ndiye muziyang'ana zolengeza za Civil Service Commission ndi Local Government Service Commission. Kunyumba ya malamulo makomiti ali ndi alembi ndi ochita kafukufuku. Kuli bungwe loyendetsa zisankho la MEC, lophunzitsa anthu za demokalase la NICE, loona za chilungamo ndi mtendere mu mpingo wa Katolika la CCJP, Malawi Human Rights Commission, ofesi ya Ombudsman ndi bungwe lothana ndi katangale la ACB. Centre for Social Research ku Zomba imatenga achinyamata okafunsa anthu mafunso pa kafukufuku, ndipo mawailesi amafuna munthu womvetsa malamulo a zisankho. Koma digiri yokha siyikwana. Phunzirani Excel, KoboToolbox (pulogalamu yosonkhanitsira mayankho a kafukufuku pafoni) ndi kalembedwe ka pulopozo, chifukwa mabungwe ambiri amafunsa zimenezo asanayang'ane n'komwe magiredi anu. Podikira, pitani kwa wapampando wa ADC ya kwanuko mukapemphe kuti muziwalembera zokambirana za pamsonkhano, ndipo pakatha miyezi ingapo mukapemphe kalata yokuchitirani umboni.