Funsani Mmisiri: Ndigule botolo liti kuti penti wa galimoto apirire nyengo yozizira?

FUNSO: Bambo, ndine mphunzitsi, ndimakhala chakufupi ndi Bembeke. Chaka chatha ndinagula Toyota Sienta yakuda yochokera ku Japan. Garaja ndilibe, choncho imagona panja pansi pa mtengo wa paini. Mnyamata wa pakhomo amaipukuta ndi nsanza m'mawa uliwonse, ndipo Loweruka amaitsuka ndi sopo waufa wochapira zovala. Panopa boneti ndi denga zayamba kuzilala, ndipo padzuwa pamaoneka timizere tozungulira ngati ukonde wa kangaude. Sabata yatha ndinalowa m'sitolo ina ku Lilongwe n'kupeza mabotolo mbwee: ena alembedwa polish, ena wax, ena compound, ena ceramic. Wogulitsa anati nditenge onse chifukwa kuzizira kwafika. Ine ndimadalira malipiro a pamwezi. Ndigule liti? Mayi wa ku Bembeke

YANKHO: Mayi, mwachita bwino kutuluka m'sitolomo musanatsegule chikwama. Ndapopera penti magalimoto pa Dedza boma pano kwa zaka zoposa 20, ndipo magalimoto ambiri amene amabwera atazilala sakhala kuti anasowa botolo lodula. Amakhala ataphedwa ndi nsanza. Ndiye tiyambire pamenepo.

Taganizirani tsiku limodzi la mwezi wa Juni kwanuko. Masana mphepo ya mwera imanyamula fumbi la m'misewu ndi phulusa la tchire lotenthedwa n'kuzithira pa galimoto. Usiku kumagwa mame, chifunga n'kuphimba chilichonse. Pofika m'bandakucha fumbi lija lasanduka kaphala komatirira pa penti, ndipo mkati mwake muli timchenga. Mnyamatayo akabwera ndi nsanza yake, ndi mtima wabwino ndithu, amakoka timchenga timeneti pa boneti yonse ngati akupala thabwa. Ukonde wa kangaude mukuuonawo ndi zipsera za ntchito imeneyo. Pa galimoto yoyera sizioneka msanga, koma yakuda sibisa kanthu.

Penti wa galimoto ngati yanuyo ali ndi magawo. Pansi pali woyambira, pakati pali wa mtundu, ndipo pamwamba pali kakhungu koonekera ngati galasi kamene timati clear coat. Kameneka ndi kamene kamanyezimira komanso kutchinga dzuwa. Kukhuthala kwake ndi pafupifupi ma micron 50, kutanthauza kuti n'kopyapyala kuposa pepala limodzi la m'kope la ana anu a sukulu. Kakatha sikameranso. Chotsala n'kupoperanso penti basi.

Zoti kuzizira kukafika penti amafuna chitetezo chapadera zimakhudza kwambiri mayiko ngati Germany, Canada ndi kumpoto kwa Japan, kumene nyengo yozizira imabwera ndi chipale chofewa ndipo misewu amaithira mchere kuti madzi oundana asungunuke. Ife pa M1 sitithira mchere. Adani athu ndi fumbi, mame, utomoni, zitosi za mbalame ndi dzuwa. Dzuwali musalipeputse chifukwa choti mwavala juzi. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo cheza cha dzuwa chimene chimasulula penti, chija amati UV, chimawonjezeka ndi pafupifupi 10 pa 100 alionse mukakwera mamita 1,000. Chifunga chikangoyera, denga la galimoto limapsa tsiku lonse.

Tsopano mabotolo aja. Compound musiyeni pashelefu. Ameneyu ndi mankhwala okhakhala amene amadya clear coat kuti zipsera zakuya zifanane ndi malo ozungulira. Ndi chida cha mmisiri, chogwiritsa ntchito kamodzi pa nthawi yaitali. Ndimakumbukira galimoto ina yofiira ya bambo wina wogula mbatatesi ku Lizulu. Pa malo ena otsukira magalimoto ankamupakira compound mwezi ndi mwezi chifukwa ankakonda mmene imawalira ikatuluka. Isanathe miyezi 12, denga linayamba kusupuka ngati khungu la njoka. Zinandipweteka mtima, chifukwa penti wa ku fakitale ndi wolimba kuposa amene ife timapopera m'magaraja athu, ndipo anatha popanda chifukwa.

Polishi ndi m'bale wake wa compound koma wofewa. Nayenso amadya penti, pang'ono chabe, n'kufafaniza timizere tating'ono. Sateteza chilichonse. Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, chifukwa kwathu kuno chilichonse chowalitsa timangochitcha polishi. Galimoto yanu ikufunika polishi wofewa kamodzi, kuti kuzilala kuchoke, osati sabata ndi sabata.

Zoteteza zenizeni ndi wax, sealant ndi ceramic. Wax wotchuka amapangidwa ndi carnauba, phula lochokera ku masamba a mtengo wa mtundu wa mgwalangwa umene umamera kumpoto chakum'mawa kwa Brazil. Amawalitsa mokongola kwambiri, makamaka pa galimoto yakuda, koma pa galimoto yogona panja sakhalitsa: mwezi umodzi kapena iwiri watha. Sealant ndi wopangidwa ndi mankhwala a m'fakitale, amamatirira pa penti mwamphamvu ndipo amatha kufika miyezi 4 mpaka 6. Ceramic weniweni, mankhwala amene amauma n'kupanga kakhungu kolimba pamwamba pa penti, amakhala chaka kapena kuposerapo, koma ndi wodula, amafuna penti wokonzedwa bwino ndi makina komanso chipinda chopanda fumbi. Mabotolo opopera olembedwa ceramic amene ali m'masitolo ndi ofooka poyerekeza ndi weniweniyo, ngakhale ndi osavuta kupaka ndipo amagwira ntchito mofanana ndi sealant.

Ine ndikanakhala inu, ndikanagula sealant. Mukapaka kumapeto kwa Meyi kapena kumayambiriro kwa Juni, akuperekezani nyengo yonse ya chisanu ndi fumbi mpaka chakumapeto kwa Okutobala, ndiye mudzapakenso mvula isanayambe. Dzina la kampani lisakuvutitseni mutu. Turtle Wax, Meguiar's, Sonax ndi Shield ya ku South Africa onse amapanga zoterezi. Chofunika n'kuwerenga kuseri kwa botolo. Pakhale mawu osonyeza kuti savulaza clear coat, chotsekera chikhale chosatsegulidwa, ndipo mukaligwedeza mankhwalawo asakhale atalekana madzi pawokha zotsikira pazokha chifukwa chokhalitsa padzuwa.

Koma sealant asakhale woyamba kugula. Yambani ndi shampu wa galimoto, nsalu zofewa kwambiri zotchedwa microfibre zosachepera zinayi, ndi ndowa ziwiri. Sopo waufa ndi sopo wotsukira mbale anapangidwa kuti azichotsa mafuta, choncho wax kapena sealant amene mwapaka lero amamufooketsa msanga, ndipo timibulu ta ufa tosasungunuka timakandanso penti. Ndowa imodzi ikhale ya madzi a shampu, ina ya madzi okhaokha otsukuluzira nsalu musanaiviikenso. Muuzeni mnyamatayo ayambe wathira madzi galimoto yonse kuti fumbi liyenderere, atsuke kuchokera padenga kutsika, ndipo matayala akhale omaliza ndi nsalu yawoyawo. Nsalu ikagwa pansi isabwererenso pa penti isanachapidwe. Ngati mumatunga pa mjigo, aumitse galimoto nthawi yomweyo ndi nsalu youma, chifukwa madzi a m'mijigo yambiri akauma okha amasiya timadontho toyera tovuta kuchotsa. Masiku apakati pa sabata, ngati palibe madzi okwanira, ndi bwino galimoto ipite kusukulu ndi fumbi lake kusiyana n'kuipukuta youma. Magalasi okha ndi amene apukutidwe kuti muziona njira.

Tsiku lopaka musankhe Loweruka lowala bwino. Dikirani chifunga chichoke, cha m'ma 10 koloko, ndipo galimoto ikhale pamthunzi, chitsulo chisatenthe. Mukatsuka ndi kuumitsa, valani kajumbo kopyapyala kudzanja n'kusisita boneti pang'onopang'ono. Mukamva tokhakhala ngati mchenga, ndiye kuti pali zonyansa zomatirira zimene shampu sanachotse. Zimenezo zimachoka ndi kadongo kapadera kotchedwa clay bar, kotsetsereka ndi madzi a shampu. Kenako polishi wofewa pa boneti ndi padenga pamene pazilala, chigawo chimodzi nthawi imodzi. Pomaliza sealant, wopaka mopyapyala kwambiri. Kuchulukitsa sikuwonjezera chitetezo, kumangovutitsa popukuta. Musapake madzulo. Mankhwalawa amafuna maola angapo osakhudza madzi, ena mpaka 12, ndipo mame a ku Bembeke sachedwa kugwa. Ngati mnansi ali ndi shedi kapena chigafa, pemphani kuti galimoto igone momwemo usiku umodzi umenewo. Kuti mudziwe ngati chitetezo chikadalipo, thirani kapu ya madzi pa boneti: akamapanga timipira n'kugubuduka, zili bwino, akamangoyala, nthawi yopakanso yakwana.

Za mtengo wa paini, chonde isunthireni kwina galimotoyo. Utomoni wa paini ukauma padzuwa umaluma clear coat, ndipo mbalame zogona mumtengomo zimawonjezera zitosi zokhala ndi asidi. Zitosi musazikande ndi chala. Ikanipo nsalu yonyowa kwa mphindi zingapo, zidzafewa zokha. Utomoni umachoka ndi sipiriti pang'ono pa nsalu yofewa, kenako mutsukepo ndi kupakanso sealant pamalopo. Lona wophimbira galimoto ndi wabwino pokhapokha galimotoyo ili yoyera; mukaphimba yafumbi, mphepo ikamagwedeza lonayo usiku amachita zomwe nsanza ija imachita.

Chinanso, popeza ndi ya ku Japan: ikadzapita ku sevisi, auzeni amakaniko ayang'ane kunsi. Magalimoto amene anayendako m'madera a chipale chofewa ngati Hokkaido amabwera ndi dzimbiri la mchere pansi, pamwamba pali poyera.

FUNSO: Achimwene, ndimayendetsa Probox pakati pa Ntcheu ndi Tsangano. Chitseko chakumbuyo anachipopera penti sabata ziwiri zapitazo. Kodi ndipake wax kuti chifanane ndi zinzake? Komanso m'mawa wina ndinapeza galasi lakutsogolo litayera ndi chisanu. Ndizithira madzi otentha? Dalaivala wa ku Ntcheu

YANKHO: Achimwene, zonse ziwiri ayi. Penti watsopano amakhala akutulutsabe thina kwa masabata angapo, ndipo kukazizira amachedwa kukhwima. Mukamutsekera ndi wax amatha kuzilala kapena kutuluka timatuza. Dikirani masiku osachepera 30, ndipo funsani amene anapoperayo, chifukwa penti wina amafuna mpaka 90. Padakali pano muzingotsuka ndi shampu ndi nsalu yofewa. Ngati mtundu wasiyana, wax sangaufananitse. Bwererani kwa mmisiriyo.

Madzi otentha pa galasi lozizira akhoza kuling'amba, makamaka ngati lili kale ndi kachipsera ka mwala, ndipo pa njira ya ku Tsangano timiyala sitisowa. Lizani injini, tsegulani mpweya wofunda wolozera pa galasi, ndipo thirani madzi wamba a mumtsuko. Usiku wotsatira yalani katoni pa galasilo n'kuipanikiza ndi ma wiper.