Zionetsero zimafuna chidziwitso, osati chilolezo

Bambo, mwalemba kuti inu ndi anzanu a m'komiti ya chitukuko mukufuna kuyenda pansi kuchoka pamsika kukatula chikalata cha madandaulo kwa bwanamkubwa, pa nkhani ya mlatho umene kontilakitala anausiya panjira. Wapolisi wina wakuuzani kuti mukayenda popanda chilolezo mukagona m'chitokosi, ndipo mukufunsa ngati n'zoona.

Wapolisiyo wasakaniza zinthu ziwiri. Kupempha n'kwina, kudziwitsa n'kwina, ndipo chimene lamulo likufuna kwa inu ndi kudziwitsa. Gawo 38 la malamulo aakulu a dziko lino, amene anayamba kugwira ntchito mu 1994, limapatsa aliyense ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero pamodzi ndi ena, bola zikhale za bata komanso popanda zida. Gawo 5 likuti lamulo lililonse kapena chochita chilichonse cha boma chosemphana ndi malamulo aakuluwa chilibe mphamvu. Mu 2002, Pulezidenti Bakili Muluzi analetsa zionetsero zokhudza teremu yachitatu. Bungwe la maloya la Malawi Law Society ndi mabungwe a mipingo anakasuma ku khothi lalikulu, ndipo Jaji Twea anagamula kuti chiletsocho chinali chosemphana ndi malamulo. Ngati mawu a mtsogoleri wa dziko analephera kufafaniza gawo 38, a wapolisi wa pakauntala sangalifafanize.

Komabe ufuluwu uli ndi njira yake, ndipo njirayo ili m'lamulo la apolisi la 2010. Gawo 96 likuti wokonza zionetsero alembe kalata kwa bwanamkubwa wa bomalo, ndipo kope lina lipite kwa mkulu wa polisi wa deralo. Kalatayo isachedwe komanso isafulumire: ifike pasadakhale maola osachepera 48, koma masiku osapitirira 14 lisanafike tsikulo. Uphungu wanga ndi woti mupereke kutatsala sabata imodzi kapena masiku khumi. Kalata yoperekedwa Lachisanu madzulo pofuna kuyenda Lolemba m'mawa imabala mkangano wachabe pa kawerengedwe ka maola, komanso simukhala ndi mpata wothamangira ku khothi zikavuta.

M'kalatamo lembani dzina la wotsogolera ndi womutsatira, keyala ndi nambala zawo za foni, dzina la gulu lanu, cholinga, tsiku, nthawi yoyambira ndi yomaliza, malo osonkhanira, misewu yodutsamo mwatsatanetsatane, malo obalalikira, chiwerengero cha anthu amene mukuyembekezera, anthu amene adzasungitsa bata pakati panu ndi chizindikiro chowadziwira, komanso amene mukufuna kuti adzalandire chikalata cha madandaulocho. Ngati padzakhala galimoto ya zokuzira mawu, itchuleni. Musalembe kuti "tidzadutsa m'tauni". Tchulani msewu uliwonse.

Apa ndi pamene ambiri amaterereka. Ena amapereka kalata kupolisi kokha n'kuiwala bwanamkubwa, pomwe lamulo latchula bwanamkubwa poyamba. Ena amangoimba foni kapena kutumiza uthenga pa WhatsApp kwa munthu amene amadziwana naye mu ofesimo. Sindikizani makope atatu. Amene walandira adinde chidindo pa kope lanu, alembepo tsiku, nthawi ndi dzina lake. Kope limenelo mulijambule pa foni, ndipo likhale m'thumba la wotsogolera tsiku loyenda. Pa tsiku la mlandu mawu akuti "tinawauza" salemera ngati pepala lodindidwa.

Bwanamkubwa akalandira, amakambirana ndi apolisi ndipo akhoza kukuitanani ku zokambirana. Pitani. Kumeneko mukhoza kugwirizana zosintha msewu kapena nthawi, mwachitsanzo kupewa tsiku la msika kapena khomo la chipatala, ndipo zimene mwagwirizana zilembedwe. Akakhala chete maola 48 osakuitanani, lamulo limalola kuti zionetsero zipitirire motsatira zimene munalemba m'kalata.

Nanga akakana? Ufulu wa pa gawo 38 ukhoza kuchepetsedwa, koma gawo 44 la malamulo aakulu laika muyeso: chiletsocho chichokere m'lamulo, chikhale chomveka, chogwirizana ndi mfundo za ufulu wachibadwidwe zovomerezeka padziko lonse, komanso chofunikadi m'dziko la demokalase. Kuopa kuti akuluakulu achita manyazi sikukwana pa muyeso umenewu. Pemphani kuti zifukwa azilembe, pakuti gawo 43 limakupatsani ufulu wolandira zifukwa zolembedwa pa chiganizo cha ofesi ya boma chokhudza ufulu wanu. Kenako tengani kalata yanu ndi yankho lawo kwa loya kuti akapemphe khothi lalikulu liunikenso chiganizocho mwamsanga. Ngati ndalama ya loya palibe, gogodani ku Legal Aid Bureau, ofesi ya boma yothandiza pa milandu anthu amene sangakwanitse kulipira loya, ndipo mukhozanso kukadandaula ku Malawi Human Rights Commission. Chimene sindikulangizani ndi kuyenda mwamakani chiletso chili m'manja. Chiletso cholakwika chimachotsedwa ndi khothi, ndipo mukachinyalanyaza nkhani ya mlatho idzazimirira, idzatsala ya kumangidwa kwanu.

Yang'anitsitsaninso msewu wanu. Lamulo la apolisi lija limaletsa zionetsero pa mtunda wa mamita 100 kuchokera pa nyumba ya malamulo, nyumba ya chifumu ya boma kapena khothi, pokhapokha atavomereza sipikala, pulezidenti kapena mkulu wa makhothi. M'maboma ambiri khothi lili moyandikana ndi ofesi ya bwanamkubwa, choncho nkhani imeneyi muyidzutse nokha pa zokambirana.

Udindo wanu monga otsogolera ndi wolemera kuposa momwe ambiri amaganizira. Gawo 106 la lamulo la apolisi limalola eni katundu woonongeka pa zipolowe kusumira okonza zionetsero kuti alipire. Mungadziteteze poonetsa kuti simunalole kapena kulimbikitsa chisokonezocho ndipo munachita zonse zotheka kuchiletsa. Ndiye chifukwa chake osungitsa bata ayenera kukhala anthu odziwika ndi olemekezeka m'deralo, ovala malaya amtundu umodzi, ena kutsogolo, ena m'mbali, ena kumbuyo kumene kumakonda kulowerera anyamata a zolinga zina. Chikwanje, legeni, mwala, chibonga, ngakhale botolo la mowa, zonsezo zitsale kunyumba. Amene anaona zionetsero za pa 20 July 2011, pamene anthu pafupifupi 20 anaphedwa, akudziwa kuti tsiku limatembenuka msanga. Mukatula chikalata, lengezani pa chokuzira mawu kuti zionetsero zatha, wina ajambule kanema wa chilengezocho, ndipo balalikani.

Wina akamangidwa, asalimbane ndi apolisi. Gawo 42 la malamulo aakulu likuti auzidwe chifukwa chake m'chilankhulo chimene amamva, ali ndi ufulu wokhala chete, wolankhula ndi loya, komanso wokaonekera ku khothi pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba limene khothi likugwira ntchito ngati maolawo athera pa Loweruka, Lamulungu kapena holide. Asasaine sitetimenti imene sanawerenge kapena kuwerengeredwa. Belo ya apolisi ndi yaulere, ndipo amene wakupemphani ndalama, lembani dzina lake, tsiku ndi nthawi, mukatule ku Independent Complaints Commission, bungwe lolandira madandaulo okhudza apolisi.